Miyendo ya Jafeti Ikana Kukhala Pansi

1. Mapiritsi atsopano

Jafeti anapita yekha ku chipatala tsiku limenelo, ndipo vuto lonse linayambira pamenepo.

Mwezi uliwonse amene ankamuperekeza anali mayi ake, a Edina. Koma m'mawa umenewo amayi onse a m'mudzi anaitanidwa ku bwalo la sukulu kukayeserera nyimbo ndi magule a chipani. Masiku amenewo kuitana kotere kunalibe zoti ndatanganidwa. A Edina anamanga nsalu yawo ya chipani, natulutsa njinga n'kumupatsa mwana wawo.

"Ukamvetsetse zimene akanene adokotala, udzandiuze zonse. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Jafeti anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, wooneka wamanyazi. Koma mtima wake unali ndi vuto. Chichokereni bambo ake kupita ku migodi ya ku Joni osabwerako, mnyamatayu ankaopa kusiyidwa kuposa china chilichonse. Munthu amene wamukonda lero, mawa amuda chifukwa chongomuona akuseka ndi wina. Akapsa mtima ankaswa chilichonse chimene chili pafupi, kenaka n'kukhala pansi kumalira mosatonthozeka.

Ali mu Sitandade 8 anamenya chitseko cha kalasi ndi chibakera mpaka kuchithyola, ndipo dzinja lonse la chaka chimenecho analithera m'chipatala cha odwala maganizo ku tauni. Anamutengera kumeneko atamangidwa manja ndi chingwe, anthu akuonerera. Madokotala ananena kuti sinali misala yotola zinyalala ayi, koma vuto la kaganizidwe ndi khalidwe limene limafuna mankhwala ndiponso kuleza mtima. Anthu a kwawo kwa Mwambo analibe nthawi ya mawu ataliatali otere. Iwo ankangoti mwana wa a Edina mutu sukoka.

Atatuluka, ankamwa mapiritsi amene anamuziziritsa mtima ndithu, koma tulo take, abale! Ankasinza ali ndi khasu m'manja. Ankasinza mbale ili pamiyendo. Ndiye chifukwa chake tsiku limenelo adokotala, bambo Enoki, amene ankabwera pa galimoto kuchokera ku tauni kudzaona odwala pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, anamuikira patebulo mapiritsi ena.

"Amayi ako ali kuti?"

"Ali ku gule wa chipani."

Bambo Enoki anapukusa mutu, nachotsa magalasi awo.

"Tsono utchere khutu, chifukwa lero makutu a amayi ako ndi akowa. Mapiritsi akale aja tikuwachotsa popeza akukugonetsa kwambiri. Awa ndi ang'onoang'ono, koma usawaderere. Mankhwala alionse othandiza mutu amakhudzanso thupi, ndipo thupi lako linazolowera akale aja. Likalandira achilendowa litha kudabwa. Ena manja amawanjenjemera. Ena miyendo imawayabwa m'kati, osatha kukhala pansi. Ena khosi limauma, maso n'kumathawira m'mwamba, lilime n'kulemera. Mwina iwe sizikuchitikira n'komwe. Koma zikachitika, usaganize kuti matenda abwerera, kapena kuti wina wakulodza. Ndi mankhwalawa basi. Usasiye kumwa mwa iwe wekha, usaonjezere, ndiponso usasakanize ndi akale otsala. Ubwere kuno msanga, usadikire mwezi. Anamwino a pano ali ndi mankhwala ena othetsa zimenezo. Ndipo zonse ndanenazi ukawauze amayi ako lero lomwe."

Pa mawu onsewo, amene anamulowa Jafeti ndi akuti ubwere kuno msanga.

"Ndikabwera mudzanditengeranso ku tauni?"

"Ndanena zimenezo ine? Pita, mnyamata. Wotsatira alowe!"

Jafeti anapalasa njinga mutu uli balala. Adokotala sanati inde. Koma kodi anati ayi? Pofika pa mlatho wa Likangala mawu aja anali atasakanikirana, sankadziwanso loyamba ndi liti. Chimene ankakumbukira bwino ndi fungo la m'chipinda chija cha ku tauni, ndi kulira kwa loko pachitseko.

Madzulo mayi ake anafika fumbi lili mbuu m'miyendo.

"Ati bwanji adokotala?"

"Ati ndikuchira. Angosintha mapiritsi."

"Basi?"

"Basi, amayi."

2. Mwana wanga wachira

Masiku oyamba zinthu zinakoma. Tulo tija tinachoka. Jafeti ankadzuka tambala akulira, maso ali gwa, n'kumamva mbalame zimene anali ataiwala kuti ziliko.

Sabata isanathe miyendo inayamba.

Sikunali kuwawa. Sikunalinso dzanzi. Zinkamveka ngati nyerere zalowa m'mafupa ndipo zikusowa potulukira. Akakhala pansi, mawondo ankadumpha okha. Akagona, zidendene zinkakumba mphasa. Mpumulo wokha unali kuyenda, ndipo ngakhale poyendapo mtima unali m'mwamba monga munthu amene wachedwa ulendo koma sakudziwa kuti akupita kuti.

Tsono anayenda. Anasesa pabwalo pamene pasesedwa kale. Anatunga madzi mpaka mitsuko yonse kusefukira, ntchito imene anyamata anzake akanamuseka nayo. Ku munda wa mpunga ku sikimu ya Likangala, kumene mbalame zinali zitayamba kuvuta, ankazungulira m'milambala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osakhala pansi ngakhale pang'ono. Mpheta zinamudziwa chaka chimenecho!

Pano musawaweruze msanga a Edina. Kwa ife alimi, wodwala ndi amene wagona pamphasa. Munthu amene akuyenda, akusenza, akutuluka thukuta, ameneyo ndi wamoyo, ndipo palibe amene amamufunsa kuti m'mafupamo muli bwanji. Mayi uyu anali atatha miyezi akuyang'ana mwana wake akusinza dovu lili chuchuchu. Lero akumuona akuthamangitsa mbalame. Mukanakhala inu mukanati chiyani?

"Mwana wanga wachira!" anatero pa chitsime, amayi anzawo onse akumva. "Mapiritsi awa ndiye mankhwala. Aja anali otani kaya."

"Tamuona ku sikimu," anavomereza mayi wina. "Mwana wanuyo ndi thirakitala. Mutibwerekeko."

Onse anaseka, a Edina n'kusekanso mpaka misozi. Ndi kale anasiya kuseka choncho. Koma paja akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Jafeti ankadya choimirira. Mayi ake ankamunena moseka kuti akudya ngati munthu wodikira basi. Ku tchalitchi Lamulungu ankangotulukatuluka mkati mwa ulaliki, ndipo mayi ake anauza a mvano anzawo kuti mwina ndi m'mimba. Akagwira kapu, madzi ankatayikira pamalaya, choncho anayamba kumwera kuseri kwa nyumba.

Chimene chinkamuzunguza mutu ndi ichi: sankadziwa ngati akudwala kapena ayi. Anthu onse ankati wachira. Amayi ake, amene sananamepo kwa iye, ankati wachira. Nanga iyeyo anali ndani kuti atsutse? Anali atakhala nthawi yaitali ali m'tulo mwakuti anaiwala mmene munthu wabwinobwino amamvera m'thupi. Mwina kuchira ndi kumeneku. Mwina anthu onse miyendo yawo imatere, kungoti amapirira.

Tsiku lina anafika mpaka pakhomo la khitchini kuti anene. Anawapeza mayi ake akupeta mpunga uku akuimba nyimbo ya ku mvano. Anaima pamenepo akupondaponda.

"Ukufuna chiyani, bambo?"

"Ayi, ndimafuna nkhwangwa."

Anatenga nkhwangwa n'kukawaza nkhuni zimene sizinkafunika.

3. Funso la atsibweni

Loweruka kunabwera atsibweni ake, a Pitala, mchimwene wa mayi ake. Anali msodzi wa pa Chilwa, munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wonunkhira utsi wowambira milamba. Sankalankhula zambiri, ndipo akalankhula sankabwereza.

Chiyambire ali mwana, Jafeti ankalakalaka kukwera bwato la atsibweni akewo. Anyamata amsinkhu wake onse anali atapitako kale kunyanja, ena mpaka kukagona m'zimbowera, timisasa toyandama tija ta m'kati mwa udzu wa njedza. Akabwerako ankayenda mosiyana, ndipo atsikana ankawapatsa moni poyamba. Jafeti yekha ndiye ankatsala kumtunda ndi amayi ndi ana. Nthawi zonse akapempha, yankho linali limodzi: bwato silinyamula munthu wosinza, silinyamulanso munthu wa mtima wapachala.

Tsiku limenelo amene anapempha ndi mayi ake.

"Achimwene, tamuonani nokha. Si uja munamusiya. Mutengeni akaone nyanja, anthu adziwe kuti nanenso ndinabereka mwamuna."

A Pitala anakhala pa mpando n'kumamuyang'ana mphwawo akututa mitolo ya udzu kuchokera kuseri, kupita nayo pa nkhokwe, osapuma. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamuitana.

Jafeti anabwera n'kugwada, koma mawondo sanalole. Anadzuka n'kuima kuseri kwa mtondo kuti mapazi asaoneke.

"Mphwanga, mawa ndikukaonjola miono yanga kutsidya la njedza. Ndikutenga. Koma umve bwino. Chilwa anthu amamuderera chifukwa amati ndi wosaya. Ena amati munthu utha kuwoloka wapansi. Bodza limenelo. Madzi ake ndi ochepadi, koma pansi pake si mchenga. Ndi thope, ndipo thope limenelo likagwira mwendo silibweza. Chaka chinonso mvula inagwa yambiri, pakati paja madzi akupitirira munthu. Ndaikapo anzanga odziwa kusambira kuposa ine. Bwato langa ndi la mtengo umodzi, lopapatiza. Woimirira m'bwatomo ndi mmodzi yekha, ine wogwira nsungwi. Iwe ukakhala pansi, ukhale pomwepo mpaka ndikuuze. Udzudzu ukulume, usadumphe. Njoka igwere m'bwato, usadumphe. Mwera ukayamba, ugwire m'mbali ndi manja onse, ukhale ngati thumba la chimanga. Pa nyanja munthu safa yekha. Ukalakwitsa iwe, wapha ndi mnzako yemwe."

"Ndamva, atsibweni."

"Sindinathe. Ndikufunsa funso, ndipo undiyankhe pano pamtunda, chifukwa pamadzi sipolankhulirana. Pali chimene chikukuvuta m'thupi? Chizungulire, tulo, china chilichonse? Ukanena sindikuda. Nyanja sithawa, tidzapita tsiku lina."

Apa ndiye panali poti anene. Kuseri kwa mtondo kuja mapazi ake anali akusinthana okha, uku ndi uku. Koma akanena, atsibweni achoka okha m'mawa. Akanena, amayi amutengera ku chipatala, ndipo kuchokera pamenepo ndani akudziwa? Anayang'ana mayi ake. Nkhope yawo inali yowala, manja atagwira pachifuwa.

"Palibe, atsibweni. Ndili bwinobwino."

"Chabwino. Ugone msanga."

A Edina analulutira pang'ono, n'kuthamangira m'nyumba kukamukazingira chimanga cha kamba.

4. Khala pansi

Anafika pa doko dzuwa likungotuluka. Jafeti anali atamwa piritsi lake la m'mawa monga mwa masiku onse. Pa doko anapeza a Bakali, msodzi wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo, akukonza bwato lawo. Miono yawo inali kufupi ndi ya a Pitala, ndipo kawirikawiri ankatsatana.

"Lero mwatenga mlendo, a Pitala?"

"Mphwanga uyu. Akaone kumene kumachokera ndiwo."

"Zikomo, zikomo. Takulandira, mnyamata."

Jafeti anamva kukoma mumtima. Mwamuna wamkulu anali atamupatsa moni ngati munthu.

Analowa m'bwato n'kukhala pansi pakati pa madengu. A Pitala anaima kumbuyo, nakankha ndi nsungwi yawo yaitali. Bwato linalowa m'kanjira ka madzi pakati pa njedza zazitali. Akakowa ankauluka patsogolo pawo. Kutali, phiri la pa chilumba cha Chisi linkaoneka lobiriwira. Kwa kanthawi Jafeti anaiwala zonse.

Miyendo yokha ndiyo sinaiwale.

Anayamba ndi kupinda zala za kumapazi. Kenaka anakanikiza mawondo ndi zigongono. Ataona chikho chokapira madzi, anachitola mwachangu n'kuyamba kukapa, kuti thupi lipeze chochita. Anakapa mpaka pansi pa bwato kuuma, iye n'kumapalabe.

"Iwe, ukapa ndi bwato lomwe," anaseka a Pitala. "Siya. Khala phee."

Anasiya. Thukuta linayamba kutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira.

Miono yoyamba inali ndi milamba yonenepa. A Pitala ankavuula, kukhuthulira m'dengu, n'kubwezera mono m'madzi. Jafeti ankayesa kuyang'ana nsombazo kuti aiwale, koma kuphiriphitha kwake kunkangomuonjezera. Kuti akafike ku miono yotsala, anayenera kudutsa pamtetete, pamene palibe njedza. Atangotulukira pamenepo, mwera unawapeza. Timafunde tinayamba kumenya m'mbali mwa bwato.

"Gwira m'mbali," anatero a Pitala. Sankasekanso.

Jafeti anagwira. Analuma mlomo mpaka kumva magazi. Anayesa kupemphera, koma pemphero linathera panjira. Anayesa kuwerenga mafunde. M'miyendomo munali moto tsopano, ndipo chilichonse m'thupi mwake chinkakuwa kuti dzuka, dzuka, dzuka.

Kenaka kunabwera chinthu chatsopano. Khosi linayamba kukokera kumanzere, pang'onopang'ono, ngati wina waligwira kumbuyo. Anayesa kulibweza, linakana. Nsagwada zinauma. Maso anayamba kukwera okha, bwato linasowa, madzi anasowa, atsibweni anasowa. Anangotsala ndi thambo loyera.

Mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire. Kodi ndi imfa? Kodi ndi misala yeniyeni ija anthu ankanena? Anafuna kuitana atsibweni, koma pakamwa panangotuluka kubuula.

"Jafeti! Ukutani? Khala pansi!"

Iye sanadziwe n'komwe kuti waimirira.

"Khala pansi, iwe!"

Funde linafika nthawi yomweyo. Bwato linapendeka, n'kubwerera, n'kupendekanso. Kenaka gubudu! Anthu, madengu ndi nsomba, zonse m'madzi.

5. Thope

Madzi a Chilwa ndi amchere ndiponso akuda. Jafeti anawamwa. Mapazi ake anafika pansi, pansipo n'kumutsegukira, thope n'kumugwira mpaka m'mawondo. Madzi ankamulekeza m'chibwano, ndipo popeza khosi linali litapindika, funde lililonse linkamulowa m'kamwa.

Dzanja lolimba linamugwira kunsi kwa chibwano n'kumutukula. Anali a Pitala. Pogubuduzika paja mphepete ya bwato inawamenya m'nthiti, ndipo ankapuma mobanika, koma sanamusiye. Pomutukula mnyamatayo, iwo ankalowa m'thope.

"A Bakali! A Bakali, ee! Tithandizeni!"

Mwayi wake a Bakali sanali patali. Anafika akukankha bwato ndi mphamvu zonse za ukalamba wawo. Anazika nsungwi m'thope kuti bwato liime, n'kumukoka Jafeti m'khwapa mpaka kumugwetsera m'kati. Kuwazula a Pitala ndiye kunali ntchito. Pamene ankatuluka, milomo yawo inali itatuwa, ndipo pokhosomola anagwira m'nthiti n'kubuula.

Bwato lawo linatsala litavundikira, mwera ukulikankhira kutali. Nsomba zonse zinabwerera kwawo.

Jafeti anagona pansi pa bwato la a Bakali, mutu utapotokera kumanzere, maso ali m'mwamba, lilime litatuluka pang'ono. Miyendo inali ikumenyabe matabwa. Koma makutu ankamva zonse, ndipo nzeru zake zinali bwinobwino. Chimenecho ndicho palibe amene anachidziwa.

"Ndinamufunsa," anatero a Pitala mwaukali. "Pamaso pa amake ndinamufunsa. Misala yamubwerera, ndipo akanandipha."

"Pepani, a Pitala, koma iyi si misala," anayankha a Bakali akukankha bwato. "Tayang'anani masowo. Wamisala amalankhula, amatukwana, amamenya. Uyu wagwidwa. Nyanja ino ili ndi eni ake, ndipo si mlendo aliyense amene amamulandira. Mwana ngati uyu, wa mtima wosakhazikika, sumangomutenga n'kupita naye pakati osayamba wapempha. Ife akuluakulu ndife talakwa. Mukamutengera ku tauni akangomubaya majekeseni, chomugwiracho n'kutsala momwemo. Ameneyu akufunika ng'oma ya mizimu."

"Ng'oma zimabweza bwato?"

A Bakali anangoyang'ana kumtunda n'kupitiriza kukankha.

6. Pa mphambano

Mbiri imathamanga kuposa bwato. Pamene ankafika pa doko, anthu anali atadzaza kale: asodzi, amayi ogula matemba, ana a sukulu ya Sande amene anathawa m'kalasi. Anamunyamula Jafeti n'kumugoneka pa mchenga. Miyendo itangomva nthaka, inamudzutsa. Anayamba kuyenda mozungulira, mutu uli chopotoka, maso kumwamba, dovu likutsika pachifuwa. Anthu anabwerera m'mbuyo, ana n'kuthawa akukuwa.

"Wayambanso!"

"Mugwireni asalowe m'madzi!"

"Bweretsani chingwe!"

A Edina anafika akuthamanga, atavala zoyera za ku tchalitchi, duku lili m'manja. Ataona mwana wawo anaima chilili.

"Mayo ine! Jafeti! Anachira mwanayu. Anachira, ndinamuona ndi maso angawa. Achimwene, mwamutani mwana wanga?"

"Ndamutani ine?" A Pitala anali atakhala pansi atagwira nthiti. "Mufunseni iyeyo. Achemwali, ine ndatsala pang'ono kusiya ana amasiye lero. Mwanayu abwerere ku tauni kumene amadziwa kumusunga."

"Ku tauni ayi," anatero a Bakali. "Kwa asing'anga a mizimu ya nantongwe, lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

"Mapemphero!" anakuwa mayi wina wa mvano. "Itanani abusa!"

Aliyense ankalankhula, ndipo aliyense anali wotsimikiza. Mayi wosaukayo ankangotembenukira uku ndi uku, osadziwa womumvera. Dzulo lomweli anali mayi wa mnyamata wochira. Nanga zalowa pati? Kodi walakwira ndani? Kodi ndi kudzitama kuja pa chitsime?

Pa gulu lonselo munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa chimene chachitika. Mantha a m'madzi aja atachepa, mutu wa Jafeti unayera, ndipo anazindikira kuti palibe chachilendo pa zonsezi. Anauzidwa. Anauzidwanso kuti thandizo lili pafupi, kwa anamwino, ulendo wosafika n'komwe ku tauni. Tsopano ankafuna kunena. Ankafuna kunena zonse, za miyendo, za kapu, za bodza la kuseri kwa mtondo. Anapita kwa mayi ake n'kuwagwira mkono.

"Aaa... maa... ii..."

Lilime linali ngati chigamba cha chikopa m'kamwa. Poyesetsa kuti mawu atuluke, dzanja lake linafinya mkono uja mwamphamvu, mayi ake n'kukuwa ndi ululu.

"Akuwamenya amake! Mugwireni!"

Amuna anamugwera. Mmodzi anabwera ndi chingwe chokokera khoka. A Edina anamulanda chingwecho.

"Musamukhudze! Ngati n'kumumanga, ndimumanga ndekha."

Anagwada pamchenga, zoyera zija zili thope lokhalokha. Anasonkhanitsa manja a mwana wawo mofatsa, napinda duku lawo n'kulikulunga m'mikono kuti chingwe chisamucheke. Misozi inkagwera pa mfundo imene ankamanga.

Anabwereka ngolo ya ng'ombe imene inabwera kudzatenga matemba. Anamukweza Jafeti, mayi ake n'kukhala pambali pake atamugwira miyendo imene inkamenyabe. A Pitala anawakwezanso chifukwa sankatha kuyenda. A Bakali ndi anthu ena ankatsatira pambuyo, mkangano uli m'kamwa.

Kuchokera pa doko msewu ndi umodzi mpaka pa mtengo wa mlambe. Pamenepo umagawikana. Wakumanja umadutsa pa chipatala chaching'ono chija n'kupitirira mpaka ku tauni. Wakumanzere umalowa m'midzi, kumene kunali asing'anga a ng'oma.

Mwini ngolo anaimitsa ng'ombe.

"Tilowere kuti, mayi?"

"Kumanja," anatero a Pitala.

"Kumanzere," anatero a Bakali.

Onse anayang'ana a Edina. Iwo anawerama mpaka khutu lawo kukhudza milomo ya mwana wawo.

"Jafeti, bambo wanga, ine mutu waima. Sindikudziwanso chimene chikukudya. Ngati ukundimva, ndithandize. Nena liwu limodzi lokha, ine ndimva."

Jafeti anakoka mpweya wonse umene anali nawo. Misempha ya m'khosi inatupa.

Panatuluka dovu lokha.

A Edina anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo, nadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana msewu wakumanja, anayang'ana wakumanzere, kenaka anakweza dzanja kuti aloze.